CLEMENTS KADALIE, KALALIKI WA PA MGODI AMENE ANADZUTSA ANCHITO

Munthu wochoka mu mzinda wa Mzuzu kulinga kunyanja amatsika mapiri kufikira ku Nkhata Bay, ndipo akatembenukira kumwera, natsata gombe kupitirira Chintheche, amafika ku Bandawe, kufupi ndi mudzi wa Chifira. M'mudzi umenewu, m'dziko la Atonga, munabadwa mwana wamwamuna m'mwezi wa Epulo chaka cha 1896, amene dzina lake linadzasowetsa tulo nduna za boma ndi eni chuma a ku South Africa. Makolo ake anamutcha Lameck Koniwaka Kadali Muwamba, koma maiko anamdziwa ndi dzina lakuti Clements Kadalie. Masiku amenewo mzinda wa Mzuzu kunalibe, pakuti unayamba m'zaka za m'ma 1940 pamene anabzala minda ya mitengo ya tung. Anthu, masukulu ndi nkhani zonse zinali kunyanja.

Kadalie anali mdzukulu wa mfumu Chiweyu. Atate wake anamwalira iye akali mwana, ndipo abale ndiwo anamlera namtumiza ku sukulu. Anayamba kuphunzira ku Bandawe, napitiriza ku Livingstonia pa phiri la Khondowe, pa sukulu yaikulu ya mishoni ya Askotishi imene Dr. Robert Laws ankayang'anira. Anali mnyamata wa mutu wakuthwa, kotero kuti anatsiriza maphunziro a uphunzitsi ali ndi zaka ngati 16 zokha. Pansi pa mapiri omwewo pamene iye ankawerengera mabuku panagona malasha, amene anadzatsegulitsa migodi ya Kaziwiziwi ndi Mchenga m'boma la Rumphi m'zaka za m'ma 1980. Koma pa nthawi yake munthu wa kumpoto wofuna ndalama ya pa mgodi analibe pochitira mwina koma kumanga katundu ndi kutsazika.

Ataphunzitsa kanthawi kochepa, anachoka m'dziko lino m'chaka cha 1915. Sanali woyamba. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Malipiro a m'minda ya Azungu ya kummwera kwa Nyasaland anali ochepetsetsa m'maiko onse ozungulira. Chotero amuna ankanyamuka m'magulu, nayenda pansi masabata ambiri, naoloka Zambezi kukafuna nchito ku Southern Rhodesia. Amene anatheredwa kamba panjira ankagwa m'manja mwa olemba anthu a chibalo, amene ankawatumiza ku migodi yokanidwa ndi aliyense, pa pangano lalitali ndi malipiro otsika. Ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene anthu amati ku Joni, amuna a kuno ankafa ndi chibayo ochuluka chotere kuti m'chaka cha 1913 boma la kumeneko linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto. Ngakhale zinali choncho ulendo sunaleke. Pamene boma la Nyasaland linaika komiti yofufuza za nkhaniyi m'chaka cha 1935, anapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa iwo anali machona, osamvekanso kwa akazi ndi ana ao.

Kadalie anayamba wagwira nchito pa munda wa thonje m'dziko la Apwitikizi, kenaka analowa mu Rhodesia, nakhala kalaliki pa mgodi wa Shamva ndi pa mgodi wa Falcon. Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa munthu sangamvetse moyo wake wonse ngati sadziwa chimene maso ake anaona m'zaka zimenezi.

Wa nchito wa pa mgodi sankakhala m'mudzi ai, ankakhala m'komboni, pansi pa ulamuliro wa Mzungu woyang'anira komboni ndi apolisi ake onyamula zikoti. Malipiro ake sankawerengedwa ndi mwezi wa pa kalendala koma ndi tikiti ya masiku 30 ogwira nchito. Madzulo ali onse kapitao akakhutira ndi nchito ya tsikulo, tikiti inkalembedwa. Akapanda kukhutira, kapena akangokwiya, tsikulo linkapita pachabe ngati kuti munthuyo anagona m'nyumba. Wodwala nayenso tikiti yake inkaima. Motero mwezi umodzi wa malipiro unkatha kutenga masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira. Phoso linali ufa woipa ndi nyemba pang'ono, nyama mwa kamodzikamodzi, ndiwo zamasamba zosowa. Nchifukwa chake matenda otupitsa nkhama ndi kufooketsa miyendo ankapha anthu pamodzi ndi chibayo ndi kamwazi. Ndipo wothawa nchito yotereyi, mwa malamulo a nthawiyo, sanali munthu woleka nchito chabe koma wopalamula mlandu, woyenera kugwidwa ndi kuponyedwa m'ndende.

Mwa migodi yonse ya m'dzikolo, wa malasha wa ku Wankie, umene lero ukutchedwa Hwange, unali ndi mbiri yoopsa. Malasha ake ndiwo ankayendetsa sitima za pa njanje ndi makina a migodi ina yonse, kotero kuti golide wa ku Shamva sakadatuluka popanda thukuta la a ku Wankie. Malowo ngotentha, fumbi lakuda limalowa m'chifuwa, ndipo pansi pa nthaka pamabisala mpweya umene umayaka ndi kamoto kochepa. Anchito a kumeneko ananyanyala nchito m'chaka cha 1912 chifukwa cha kusauka kwa chakudya ndi nkhanza za m'komboni, zaka zitatu Kadalie asanachoke kwao. Nkhani zotere zinkayenda ndi apaulendo kuchokera ku mgodi wina kunka ku unzake, ndipo anthu ankadziwa bwino mgodi uti uli ndi phoso, uti uli ndi manda.

Kalaliki sankatsika m'dzenje. Malo ake anali pakati, pa tebulo la mabuku, pamene maina a anthu, masiku ao ndi zodulidwa pa malipiro ao zinkalembedwa. Ophunzira ambiri a ku Livingstonia anakhala pa matebulo otere, nakhutira kuti iwo avala malaya oyera pamene anzao avala fumbi, ndipo sitingawadzudzule kwambiri, pakuti nawonso anali ndi ana owadyetsa. Kadalie sanakhutire. Iye mwini anavomera atakalamba kuti nkhanza zimene anaziona mu Rhodesia ndizo zinayatsa moto mumtima mwake. Atagwirako nchito ina ya ukalaliki ku Bulawayo, anapitirira kummwera, nafika ku Cape Town m'chaka cha 1918, kumene mbale wake Robert anali atakhazikika kale.

Tsiku lina akuyenda mu mseu wa mumzindamo, wapolisi wachizungu anamkankha kumchotsa m'kanjira ka oyenda pansi. Mzungu wina wa ndale za anchito, dzina lake A. F. Batty, anaona zimenezi, namlankhula, ndipo pa kudziwana kwao panabadwa ganizo la bungwe. M'mwezi wa Januwale 1919 anthu 24, ambiri a iwo onyamula katundu pa doko, anakhazikitsa Industrial and Commercial Union, imene anthu anaifupikitsa kuti ICU, ndipo Kadalie anakhala mlembi wake. Chaka chisanathe, m'mwezi wa Disembala, anchito a pa doko ngati 2,000 analeka nchito. Madandaulo ao anali awiri: malipiro osakwera chiyambire nkhondo, ndi chakudya chimene chinkakwezedwa m'sitima kupita kunja pamene m'dzikomo munali chilala ndi mitengo yokwera. Boma linatumiza asilikari, anchito achizungu amene analonjeza kuthandiza anabwerera m'mbuyo, ndipo patapita masabata awiri anthu anabwerera pa nchito. Koma m'chaka chotsatira makampani a pa doko, posafuna kuona zomwezo kachiwiri, anavomera kulipira masheleni 8 pa tsiku. Kwa munthu wa m'komboni imeneyi inali ndalama ya m'maloto.

Boma linazindikira msanga kuti mlendo wa ku Nyasaland ameneyu adzavuta. Kumapeto kwa 1920 linamlamula kuti achoke m'dzikomo, koma abwenzi ake anammenyera nkhondo mpaka lamulolo linafafanizidwa. Chaka chomwecho, m'mwezi wa Okutobala, apolisi ndi Azungu ena anaombera khamu la anchito ku Port Elizabeth, amene anasonkhana kufuna kuti mtsogoleri wao Samuel Masabalala amasulidwe, ndipo anthu oposa 20 anafa. Ku migodi nako kunali kotentha. M'mwezi wa Febuluwale 1920 anchito akuda a ku migodi ya golide oposa 70,000 ananyanyala nchito, popanda bungwe lowatsogolera, ndipo apolisi anazinga makomboni limodzi limodzi nawatsitsa m'maenje ndi mfuti. M'mwezi wa Januwale 1922 kunali kwa Azungu: anayamba ndi okumba malasha, amene malipiro ao anadulidwa, natsatira a golide, ndipo mkanganowo unasanduka nkhondo yeniyeni imene General Smuts anaithetsa ndi mizinga ndi ndege, anthu oposa 150 atafa. Chomvetsa chisoni nchakuti anchito achizunguwo ankamenyera kuti munthu wakuda asaloledwe kugwira nchito za luso. ICU inatsutsa cholinga chimenechi poyera.

Pa chisankho cha 1924 Kadalie anaponda pamene sanayenera kuponda. Chifukwa cha kuipidwa ndi Smuts, anakomera mtima General Hertzog, amene kale anali atatumizako mphatso ya ndalama ku thumba la bungwelo. Hertzog atalowa m'boma anachotsa anthu akuda zikwi zambiri pa nchito za njanje kuti alembe Azungu osauka, ndipo m'chaka cha 1926 anakhwimitsa lamulo losungira Azungu nchito zabwino za m'migodi. Lamulo lina la 1924, lokonza milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa nchito, linali litasiya kale kunja munthu ali yense wonyamula pasi, ngati kuti sali wa nchito konse.

Masautso amenewa ndiwo anakulitsa bungwe. Nyuzipepala yake, Workers' Herald, inayamba kutuluka m'chaka cha 1923, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1920 likulu linasamukira ku Johannesburg. Kadalie sankadziwa bwino Chizulu, Chixhosa kapena Chisuthu. Ankalankhula Chingerezi, womasulira ataima pambali pake, komabe makamu ankaima padzuwa maora ambiri kumumvera. Baibulo limene analiphunzira ku Khondowe silinkachoka pakamwa pake, makamaka nkhani ya Aisraele mu ukapolo wa ku Ejipito. Boma litamletsa kulowa mu Natal m'chaka cha 1926, analowa dala, nagwidwa, napambana mlanduwo pa apilo, ndipo mbiri yake inafika m'midzi imene iye sanapondemo. Anthu anaona kuti malemba atatu a dzina la bungwe, akatchulidwa m'Chingerezi, amamveka ngati kunena kuti ndikukuona, ndipo anawamasulira kuti bungwe likuona Mzungu wozunza wa nchito wake. Pofika 1927 mamembala ankawerengedwa kuti ndi 100,000, chinthu chosaonekapo ndi kale lonse pakati pa anthu akuda a kummwera kwa Afrika. Ambiri anali a m'mafamu, amene anagula tikiti yofiira ya umembala ndi chikhulupiriro chakuti idzawabwezera minda ya makolo ao.

Koma chipata cha mgodi sichinatseguke. Munthu amene mtima wake unapsa ndi za m'komboni anasonkhanitsa a pa doko, a m'mafamu, a m'masitolo ndi a m'makhichini, koma okumba pansi, amene chuma chonse cha dzikolo chinatsamira pa misana yao, anawafikira pang'ono chabe. Zifukwa zake sizisowa. Komboni inali ndi mpanda ndi mlonda, ndipo mlendo wolowa ndi mapepala ankagwidwa. Anchito anagonekedwa m'zipinda monga mwa mitundu yao, Ashangani paokha, Abasuthu paokha, Ampondo paokha, kuti asamvane. Pangano likatha munthu ankabwerera kwao, ndipo wobwera m'malo mwake anayenera kuphunzitsidwa kuyambira pachiyambi. Komanso mlandu wina unali wa atsogoleri eni ake. Kuyimirira pa nsanja ndi kugwedeza khamu nkosavuta kwa munthu wa mphatso. Kuyenda usiku chipinda ndi chipinda, kulemba maina, kusunga masheleni a anthu ndi kuwerengera bwino, ndi nchito yosaoneka imene ICU inalibe anthu okwanira oikonda.

M'mwezi wa Disembala 1926 Kadalie anachotsa m'bungwe a chipani cha Komyunizimu, monga James La Guma ndi John Gomas, amene ankafuna kunyanyala nchito kochuluka ndiponso ankafunsa za kayendetsedwe ka ndalama. M'chaka cha 1927 anapita ku Ulaya, nakafika ku msonkhano wa za anchito wa maiko onse ku Geneva ngakhale boma linakana kumtuma ngati nthumwi, nalankhulanso m'mizinda ya ku Britain, kumene analandiridwa ndi ulemu. Chaka chomwecho anchito a pa doko la Durban, a pa malo otsitsira katundu wa njanje ku Johannesburg ndi a ku migodi ya malasha ya ku Natal analeka nchito mwa iwo okha, akuyembekeza kuti bungwe la tikiti yofiira liwagwira dzanja. Thandizo limene analandira linali lochepa. Ndipo mabungwe a anchito achizungu, amene Kadalie ankafuna kuti amlandire ngati mnzao, anakana pempho lake, poopa kuti mavoti a anthu 100,000 adzawamiza.

Mau ake anafika kumpoto mwa njira zina. Robert Sambo, mwana wa ku Nyasaland, anayambitsa nthambi ya ICU ku Bulawayo m'chaka cha 1927, ndipo boma la Rhodesia linampitikitsa miyezi yowerengeka chabe itapita. Nchitoyo anaipitiriza Masotsha Ndhlovu ku Bulawayo ndi Charles Mzingeli ku Salisbury. M'dziko lino, Isa Macdonald Lawrence anaweruzidwa m'chaka cha 1926 kukhala m'ndende zaka zitatu ndi nchito ya kalavula gaga chifukwa cholowetsa manyuzipepala oletsedwa, ndipo Workers' Herald inali pakati pao. Tsono m'mwezi wa Seputembala 1927, pa mgodi wa Shamva womwe uja pamene Kadalie anakhalapo kalaliki, anchito ngati 3,500, ochuluka a iwo a ku Nyasaland, analeka nchito kufuna malipiro okwera. Anagwirizana kudzera m'maubale a kumudzi ndi m'timagulu tao tothandizana pa maliro, zimene woyang'anira komboni ankaziyesa zopanda kanthu. Anagonjetsedwa patapita masiku ochepa, ndipo atsogoleri ao anabwezedwa kwao.

Kugwa kwa ICU kunafulumira koposa kukwera kwake. Ndalama zambiri zinathera kwa maloya, zina zinalowa m'matumba a alembi a nthambi, ndipo anthu a m'mafamu amene anathamangitsidwa ndi eni malo chifukwa cha tikiti yofiira anapeza kuti bungwe lilibe munda wowapatsa. M'chaka cha 1928 A. W. G. Champion, mtsogoleri wa ku Natal kumene kunkachokera zopereka zambiri, anaimitsidwa pa nkhani za ndalama, napatuka ndi anthu ake. Chaka chomwecho William Ballinger anafika kuchokera ku Scotland kudzakonza mabuku, napeza thumba liri lopanda kanthu, ndipo posakhalitsa iye ndi Kadalie anayambana. Ena ankamkumbutsa Kadalie kuti ndi mlendo. Iyenso anali munthu wosakonda kutsutsidwa, ndipo mowa unayamba kumlaka. Komabe ngakhale m'masiku oipawo dzina la bungwe linali lolemera: nduna ya za mtengatenga wa makalata, Walter Madeley, italandira nthumwi za ICU pa dandaulo la anchito a positi m'chaka cha 1928, Hertzog anapasula nduna zake zonse kuti aichotse.

Kadalie anatula pansi udindo kuchiyambi kwa 1929, nayambitsa Independent ICU. M'mwezi wa Januwale 1930 anatsogolera anchito a njanje ndi a pa doko ku East London pa kunyanyala kumene kunaimitsa mzinda wonse, ndipo analowa nako m'ndende. Mumzinda umenewu ndimo anakhala zaka zake zotsala, mtsogoleri wa kabungwe kakang'ono, wolemekezedwa ndi oyandikana naye, woiwalika ndi dziko. Ali komweko anamva za August 1946, pamene anchito a ku migodi ya golide zikwi makumi ambiri, motsogozedwa ndi J. B. Marks ndi bungwe lao la okumba migodi, anafuna masheleni 10 pa tsiku nayankhidwa ndi zipolopolo. Anamvanso kuti ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia anchito akuda apanga bungwe lovomerezeka m'chaka cha 1949, mtsogoleri wake Lawrence Katilungu.

Anamwalira ku East London pa 28 Novembala 1951, ali ndi zaka 55, osabwererako kudzakhala kunyanja kumene anabadwira. Patapita zaka zosakwana zitatu, m'mwezi wa Febuluwale 1954, okumba malasha a ku Wankie analeka nchito zikwizikwi, ndipo nduna yaikulu Garfield Todd inawatumizira asilikari. Pa 6 Juni 1972 mgodi wachiwiri wa pamalo omwewo unaphulika nupha anthu 427, ena mwa iwo Amalawi. Buku la moyo wake, limene iye analemba m'zaka zake zomaliza nasowa wolisindikiza, linatuluka ku London m'chaka cha 1970 ndi mutu wakuti My Life and the ICU. Okumba migodi akuda a ku South Africa, a golide ndi a malasha pamodzi, anadzapeza bungwe lolimba lololedwa kukambirana ndi eni migodi, National Union of Mineworkers, m'chaka cha 1982.